Galimoto Imene Ndinalandira Kuchikamwini

Tsiku logawa katundu wa malemu apongozi anga aamuna, ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khola la mbuzi, chifukwa pa nkhani ngati zimenezi mkamwini amangobwera kudzanyamula mipando. Majekete anapita kwa abale awo a malemu. Wailesi inapita, njinga inapita, ngakhale ambulera yothyoka nthiti inapeza mwini wake. Ndili mkati moganiza zokamwetsa mbuzi, ndinamva amalume a mkazi wanga, amene ndiwo mwini mbumba pamudzipo, akundiitana.

"Akamwini, tasenderani kuno. Paja inu munkayendetsa thirakitala m'mafamu a ku Chitedze, eti?"

"Eya, amalume."

"Ndiye tambasulani dzanja."

Anandiika m'manja makiyi a galimoto. Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka kululuta. Abale a malemu anali atayizungulira kale galimotoyo m'mawa, n'kuona kuti mwa iwo mulibe wodziwa kuyendetsa, komanso malemuwo anasiya mawu akuti isachoke pakhomo pa mkazi wawo. Amalume ndi munthu wanthabwala, wolankhula akuseka, moti zolemera amakusenzetsa iwe ukusekanso. Anandisisita paphewa nati, "Ndi yanu imeneyi, palibe adzakulandeni. Kungoti mlongo wangayu ali ndi shuga, mwezi ndi mwezi amafunika kuchipatala ku Namitete. Ankawatenga ndi malemu. Za chitengwa zija tidzakamba, sizithawa."

Za chitengwa zimene ankanenazo ndi izi. Ine kwathu ndi ku Mpingu, koma nditakwatira ndinakakhala kwa mkazi, kuseri kwa Nsaru, monga mwambo wathu umanenera. Ndinalima kumeneko, ndinamanga nyumba, ana anabadwa n'kuyamba sukulu. Kenaka bambo anga anamwalira, alongo anga anapita ndi amuna awo kutauni, amayi anatsala okha ndi miyendo yotupa ndi munda umene sankathanso kuumaliza. Choncho ndinatuma ankhoswe kukapempha kuti andilole kutenga mkazi wanga ndi ana tikakhale kwathu. Yankho lisanabwere, maliro a apongozi aamuna anagwa. Tsopano m'malo mwa yankho ndinali ndi makiyi m'manja, ndipo ndisaname, tsiku limenelo ndinakondwa. Munthu amene wakhala zaka akulima munda wa eni, akamva mawu akuti ndi yanu, mutu umaima.

Galimotoyo inali yakale kuposa mkazi wanga. Malemu anaigula kwa ansembe a pa parishi, iwonso ataitopa. Inali yoyera mokhala ngati mkaka, yaitali kumbuyo, mpando wakutsogolo umodzi wautali ngati benchi la m'tchalitchi, giya ili pambali pa chiwongolero. Zitseko zake zinali zachitsulo chenicheni, ukatseka agalu a pamudzi ankadzuka. Inkagona m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba ya apongozi, ndipo nditanena zoisamutsira kwanga, mkazi wanga anandiyang'ana ngati ndanena zofukula manda. Galimoto yanga inapitiriza kugona pakhomo pa eni.

Ndinazindikira msanga kuti thirakitala sinandiphunzitse kanthu. Thirakitala ndi yadizilo, ukaipatsa mafuta ndi madzi imalima osadandaula. Iyi inali yapetulo, ndipo inkafuna kunyengereredwa. M'mawa unkayenera kukoka tchoki, kuponda mafuta pang'ono, kutembenuza kiyi, n'kumvetsera. Ukaponda mopitirira, kabuleta inkamwa petulo wambiri n'kutsamwa, ndiye unkakhala pamenepo kudikira kuti iume, fungo lili thoo. Ukabweza tchoki msanga inkazima. Ukachedwa kubweza inkatulutsa utsi wakuda mpaka nkhuku kuthawa m'chigafa. Buku lake linalipo, koma linali m'chilankhulo cha kwawo kwa ansembe aja, ndiye ndinkangoona zithunzi.

Ndinaphunzira ndi zala. Ndinaphunzira kumasula mapulagi, kuwapala mwaye ndi kawaya, kuwabwezera aliyense ndi waya wake. Tsiku loyamba ndinasokoneza mawayawo, injini inaphulika kumbuyo ngati mfuti, apongozi anataya lichero. Ndinaphunzira kuti madzi a pachitsime chathu amasiya dothi mu radiyeta, ndiye ndinkaikira galimoto madzi a mvula mumgolo, mkazi wanga n'kumadandaula kuti ana akusamba a pachitsime pamene chitsulo chikumwa abwino. Ndinaphunzira kuti makoswe amakonda mawaya kuposa chimanga. Fanibeluti itaduka pa dambo, ndinafika kunyumba ndi lamba wa chubu cha njinga, ndikuima paliponse kumumanga.

Masipeyala ndiye inali nkhani ina. Ndinapita kutauni kwa anyamata ogulitsa zitsulo za magalimoto, nditakulunga pampu ya petulo m'pepala. Woyamba anaitembenuza uku ndi uku, n'kuitana anzake kuti adzaone. "Madala, ichi mwachikumba kuti?" Anandiyendetsa msika wonse, aliyense akunena kuti mnzake wapakona ali nacho. Pomaliza ndinabwerera ndi pampu yangayo, n'kudula chikopa cha lilime la nsapato yakale kuika m'malo mwa kamphira kamene kanang'ambika. Inagwira. Ndinayenda sabata yonse chifuwa chili patsogolo, osadziwa kuti chilichonse chimene ndinkakonza chinkandikhomerera pamudzipo.

Ulendo wa ku Namitete unali ndi malamulo ake. M'mabanja ambiri masiku ano mkamwini ndi apongozi aakazi amadyera pa tebulo limodzi, koma pakhomo pamene ndinakwatirapo ankasunga zakale. Ine ndi apongozi tinkathawana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatuka kulowa m'chimanga. Sitinkayang'anana kumaso, sitinkalankhulana mwachindunji. Nanga m'galimoto upatukira kuti? Apongozi ankakhala kumbuyo kwanga kwenikweni atafunda chitenje kumutu, mkazi wanga pambali pawo, ndipo galasi loonera kumbuyo ndinkalipotokola kuti liziyang'ana kudenga. Mawu onse ankadutsa mwa mkazi wanga.

"Auzeni kuti malemu pa mlatho uwu ankachepetsa liwiro."

"Bambo, akuti muchepetse."

"Auzeni kuti ndamva."

"Amayi, akuti amva."

Tonse atatu tinali m'kabokosi kamodzi, mpweya wathu ukusakanikirana, koma mawu ankayenda ulendo wautali kuposa galimoto. Poyamba zinkandiseketsa. Kenaka zinayamba kunditopetsa, makamaka chifukwa chiganizo chilichonse chinkayamba ndi malemu. Malemu sankaliza hutala pafupi ndi manda. Malemu ankaipukuta Loweruka. Malemu sankalola mbuzi kukwera. Ndinkagwira chiwongolero chimene zala za munthu wina zinasalaza, ndipo nthawi zina ndinkaona kuti sanandipatse galimoto, anandipatsa ntchito ya malemu.

Sindikufuna kuwanamizira apongozi anga. Sanali munthu woipa. Ankatumiza dzungu lophika kwanga ndikachokera pansi pa galimoto, ndipo nditadwala malungo ndi iwo anakhala pakhonde kufunsa mwana wawo ngati ndadya. Kungoti ankaopa. Anaona mnzawo wa mu mphakati wa kutchalitchi atagwa pa njinga yamoto ya kabaza akupita kuchipatala, ndipo kuyambira pamenepo ankati iwo pa chinthu cha matayala awiri sadzakwerapo. Mantha awo ndinkawamvetsa, ndipo n'chifukwa chake zinkandipweteka kwambiri, popeza panalibe munthu woti ndimukwiyire.

Kuchokera ku Namitete kupita kwathu ku Mpingu si kutali. Nthawi zina, apongozi ali pamzere wa mankhwala, ndinkathamangira kukaona amayi. Ndinkawapeza atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, akusenda chimanga ndi zala zopindika. Ankafunsa za ana, za fodya, za mvula ya ku Nsaru. Za chitengwa ankafunsa pomaliza, ndikutsanzika, ngati chinthu chimene angochikumbukira.

"Nanga eni ake akuti bwanji, bambo?"

"Akuti tidzakamba, amayi."

"Chabwino. Fulumirani, odwala angakudikireni."

Ndinkabwerera ku Namitete kukatenga apongozi. Ankhoswe anga anapitanso kwa amalume, ndipo amalume anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, anaseka nawo mpaka madzulo. Yankho linali lofewa ngati kale: "Palibe akukana. Koma akachoka, mlongo wanga adzamutenge ndani? Galimoto ija imamva dzanja lawo lokha." Mkazi wanga anali pakati ngati mmene ankakhalira m'galimoto. Ndikadandaula ankati, "Ndiye nditani ine, bambo? Awo ndi amayi anu, awa ndi amayi anga." Tinkagona aliyense atayang'ana khoma lake.

Chaka chachiwiri, mvula itatha, galimoto inayamba matenda amene anandizunguza mutu. M'mawa inkalira bwinobwino. Inkatuluka pamudzi mwaulemu, kudutsa pa Nsaru anthu akuiyang'ana, koma ikayenda kamtunda ndithu inkayamba kutsokomola, kugwedezeka, mphamvu n'kutha, n'kuzima. Ukatembenuza kiyi, sitata inkazungulira koma injini osagwira. Ukaisiya nthawi yaitali, inkalira ngati sinalakwe kanthu, n'kukazimanso patsogolo. Tinkafika ku Namitete dzuwa lili pamutu, mzere utatalika, apongozi atafooka ndi njala.

Ndinayamba ndi zimene ndinkadziwa. Ndinapala mapulagi. Ndinamasula kabuleta yonse pa chiguduli, kachitsulo kalikonse ndinakatsuka ndi petulo n'kukapemerera. Ndinasintha sefa ya mafuta. Ndinaganiza kuti chikopa cha nsapato chija chatha, ndinadulanso china. Popeza nthawi zina ndikathira petulo wa m'botolo panjira inkadzuka msanga, ndinati vuto ndi petulo wakuda, ndiye ndinayamba kumusefa ndi nsalu ngati mowa. Makaniko wa pa Nsaru anati ndi koyilo ikutentha, anaika ina yochokera m'galimoto yakufa, ndipo inazima pamalo omwewo, pafupi ndi mtengo wa mkuyu pamene inkakonda kuzima. Wina anati thanki yachita dzimbiri. Ndinaikhuthula, ndinapezamo dzimbiri lochepa losakwana kupha injini. Fodya wanga wa chaka chimenecho anathera m'boneti.

Pamudzi aliyense anasanduka makaniko. Ena ankati malemu sakufuna kuti galimoto yawo iziyendetsedwa ndi mlendo. Apongozi anatuma mkazi wanga kuti awaze madzi odalitsa pa injini, ndipo ine ndinangopempha kuti asawaze pa mawaya. Amalume ankabwera kudzakhala pa chitsa, ine ndili chagada pansi pa galimoto, n'kumandiuza nkhani za anthu amene anakonza magalimoto ovuta kuposa iyi. Tsiku lina sipanala inaterereka, ndinadzisupula zala, ndipo ndinatukwana galimotoyo ndi mawu amene mkamwini sayenera kutulutsa pakhomo pa apongozi. Kunyumba kuja kunangoti zii. Madzulo dzungu silinabwere.

Mtunda umene inkayenda unkafupikirafupikira, mpaka inayamba kuzima tisanafike n'komwe pa Nsaru. Ndinaikankhira m'chigafa, ndinatseka boneti, ndinauza mkazi wanga kuti akawauze amayi ake kuti nzeru zandithera. Sindinanamize munthu, zinandithera ndithu. Mwezi wotsatira mkazi wanga anapita yekha kuchipatala kukawatengera mankhwala, ndipo mwezi winawo apongozi anavomera kukwera ngolo mpaka pamsewu, kenaka minibasi. Anabwera atatopa koma amoyo. Nkhuku zinayamba kuikira mazira pa mpando wakutsogolo.

Ndi nthawi imeneyo pamene amalume anandiitana okha, popanda ankhoswe. Anali akusenga nsungwi, ndipo tsiku limenelo sanaseke kwambiri.

"Akamwini, mwayesetsa, tonse taona. Chitsulo chija chatsatira mwini wake. Ndiye ife tikusungireninji? Mayi anu akukalamba okha. Mvula isanagwe, tengani banja lanu muzipita. Mlongo wanga tiziona ndi minibasi."

Ndinagwada, ndinaomba m'manja. M'mawa mwake ndinakwera njinga mpaka ku Mpingu, osamva kutopa. Amayi atamva sanalulute, anangogwira pakamwa, kenaka anayamba kundiwerengera zofunika: denga la nyumba ya malemu bambo likudontha, khola lagwa, ana adzalowe sukulu iti. Ndinawaona akuimirira popanda ndodo. Pobwerera ndinkaimba panjinga ngati mnyamata. Kwa nthawi yoyamba ndinadutsa pa chigafa n'kuiyang'ana galimoto ija popanda mkwiyo.

Kunatsala milungu yochepa. Tinali titayamba kumanga katundu m'matumba, kunja kukutentha kwa mwezi wa Okutobala. M'mawa wina dzuwa litangotuluka, mkazi wanga anabwera akuthamanga kuchokera kwa mayi ake. Apongozi sankadzuka bwino. Thukuta linali kamukamu, maso otembenuka, mawu osamveka. Munthu wotero sungamukhazike pa njinga yamoto, ndipo ng'ombe za ngolo zinali zitapita kale kudambo. Foni ya mwini lole wa pa Nsaru sinkayankhidwa. Amalume anandiyang'ana, ine ndinayang'ana chigafa.

"Ikazime pamene ikazimepo," anatero amalume. "Bola tiyandikire msewu."

Batire la galimoto linali litafooka ndi kukhala, ndiye tinazula la sola la m'nyumba mwathu n'kulimangirira ndi chingwe. Ndinathira petulo amene ndinali naye m'chigubu, ndinachotsa mazira pampando, ndinakoka tchoki. Inalira. Tinawagoneka apongozi kumbuyo, mutu pamiyendo ya mwana wawo, amalume anakhala kutsogolo ndi ine. Tsiku limenelo panalibe za auzeni.

Inazima pa dambo, pamalo opanda nyumba, opanda munthu. Sitata inazungulira, injini osagwira. Mkazi wanga anayamba kulira akuitana mayi ake. Ine ndinatuluka osadziwa chochita, ndinatsegula boneti, ndinayang'ana zinthu zomwe ndinaziyang'ana miyezi yonse ija. Kenaka ndinaganiza kuti mwina petulo uja anali wochepa, ndinathyola kamtengo kuti ndiyeze m'thanki. Chitsekerero cha thanki chinalimba modabwitsa. Nditachipotokola ndi manja awiri, ndinamva mpweya ukulowa mwamphamvu, fyuuu, ndipo pansi pa galimoto thanki inalira phu, ngati chigubu chophwanyika chikabwerera m'malo mwake. Phokoso limenelo ndinalimvapo kale pothira petulo panjira, koma nthawi zonse pankakhala phokoso la msewu ndi la anthu, ndipo ndinkaliyesa khalidwe la magalimoto akale. Pa dambo paja panali chete. Petulo analimo wambiri. Ndinatseka, ndinalowa, ndinatembenuza kiyi kangapo, ndipo inalira.

Tikuyenda, mutu wanga unkagwira ntchito. Petulo akamatuluka m'thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ngati polowera mpweya patsekeka, pampu imakoka mpaka kulephera, ngati munthu woyamwa botolo lotseka. Ukadikira, mpweya umalowa pang'onopang'ono, galimoto n'kudzuka. Matenda onse aja anali amenewo. Itayambanso kutsokomola patsogolo pa Nsaru, ndinali nditadziwa kale chochita, ndipo ndinadziwanso tanthauzo lake. Pambali panga panali munthu amene anandimasula chifukwa galimoto inafa. Ikafika ku Namitete osazima, iye akhala woyamba kuona. Ndinamva kupuma kwa apongozi kumbuyo kwanga, kokoka, kosalongosoka. Ndinaima, ndinatuluka, ndinachotsa chitsekerero chija n'kuchiponya m'thumba, pakamwa pa thanki ndinamangapo kansalu. Ndinalowanso n'kuponda mafuta.

Kuchokera pamenepo galimoto inathamanga ngati yatsopano. Inakwera zitunda zimene inkazikana, inafika pamsewu wa tala, inadutsa minibasi. Amalume anayamba kumenya dashibodi ndi chikhatho.

"Yadzuka! Akamwini, yadzuka! Mwaitani?"

Ndinkayang'ana msewu, misozi ikundilepheretsa kuona bwino, ndipo iwo anayesa kuti ndikulirira apongozi.

Kuchipatala anawalandira msanga. Anati shuga anatsika kwambiri, ndipo tikanachedwa nkhani ikanakhala ina. Anawagoneka, mkazi wanga anatsala nawo. Masana, ndili ndekha pabwalo la chipatala, ndinalowa pansi pa galimoto n'kutsatira khosi la thanki ndi zala. Kuseri kwa tayala ndinapeza kapaipi kakang'ono kamene sindinakaonepo, kolozera pansi. Kukamwa kwake kunali komata ndi dothi louma. Mavu aja omanga tinyumba tadothi anali atamangamo. Ndinatokosa ndi sipoko ya njinga, panagwa kadothi kosaposa mtedza umodzi, ndi timphutsi touma. Ndinakhala nako m'manja nthawi yaitali. Fodya wanga, zala zanga, miyezi yonse ija, ndiponso ufulu wanga wa milungu yochepa ija, zonse zinali m'kadothi kameneko.

Amalume sanachedwe. Madzulo omwewo, tikudya mbatata pa geti, anayamba ndi kuseka kwawo kuja. "Mwaona, akamwini? Ikanakhala minibasi, lero tikanakhala tikukhoma bokosi. Mulungu anakuikani pamudzi paja ndi cholinga. Zija tinakamba zija, tiyeni tiziikeko kaye pambali, mlongo wanga ayambe walimba." Ndinafuna kunena kuti aphunzitse mdzukulu wawo wina kuyendetsa, kuti galimoto ndingaisiye, kuti nanenso ndili ndi mayi. Koma munthu anali ali pa dripi mkatimo, ndipo mawu aliwonse akanamveka ngati ndikudandaula kuti wapulumuka. Ndinati, "Ndamva, amalume."

Apongozi anakhala m'chipatala masiku angapo. Galimoto ndinaisiya pabwalo pomwepo kuti ndisawononge petulo, ine ndinkayendera minibasi kukaona ana. Batire la sola ndinalibweza kunyumba chifukwa ana ankagona mumdima, n'kubwezeramo lakale lija nditalitchajitsa pang'ono pa Namitete. Kwa amayi sindinapite. Ndinkati ndipita mawa, ndikapeza mawu.

Tsiku lotuluka, ndikuwatsegulira apongozi chitseko nkhope nditayang'ana kumbali, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Bambo."

Anali amayi anga. Ankatsika pa njinga yakapalasa ya kabaza, mwendo umodzi ukukana kufika pansi, woyendetsayo atawagwira mkono. Anabwera kudzaonetsa miyendo yawo, ndipo anamva kwa anthu a pa geti kuti asewere awo agonekedwa. Anapita pawindo la galimoto, anawerama, anawalonjera apongozi mwaulemu wonse, anathokoza Mulungu kuti achira. Apongozi anawagwira dzanja osalisiya, n'kunena mokweza, kuti nanenso ndimve, "Mwana wanuyu ndi amene wandipulumutsa. Popanda iyeyu ine kulibe." Amalume anawonjezera nkhani yonse ya pa dambo, ndi manja, ndi phokoso la thanki lomwe.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anayang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kundiyang'ana ine.

"Ndiye kuti yachira?"

"Yachira, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinati ndiwadikire aonane ndi adokotala kenaka ndikawatule ku Mpingu, koma amalume anayang'ana dzuwa n'kunena kuti wodwala sangapirire kutentha m'galimoto, ndipo amayi anavomereza msanga kuposa iwo. "Pitani, bambo. Wakabazayu andidikira. Udzu wa denga uja ndinagula kale, koma suola, ukhala."

Ndinalowa, ndinakoka tchoki, ndinatembenuza kiyi. Sitata inangoti kete, kete. Batire lakale lija linali litatheratu. Amalume anatuluka akuitana anthu kuti atikankhe, anabwera wakabaza uja ndi mlonda wa pa geti. Galimoto ija ndi yolemera, ndipo pabwalopo panali mchenga, moti inangogwedezeka osasuntha. Nditasuzumira pawindo ndinaona amayi akutsamiritsa ndodo yawo pa mpanda, akumanga chitenje, akuika manja onse awiri pa buti.

"Amayi, siyani, miyendo yanu!"

"Yang'anani kutsogolo, bambo, mungagunde geti."

Inasuntha. Ndinaika giya yachiwiri, ndinamva mapazi awo akukhwekhwereza mumchenga pamodzi ndi a anthu ena aja, ndinasiya kilatchi. Galimoto inadumpha, inatsokomola, inagwira. Amalume anathamanga n'kudziponya pampando, chitseko chikulendewera. Injini inali yozizira, batire lakufa, ndipo ndinadziwa kuti ndikangochotsa phazi pa mafuta izima, amayi akankhanso. Ndinatulutsa dzanja pawindo osaona ngati akuliona, n'kukhotera kumsewu wa ku Nsaru.